Fumbi la asibesitosi: kuchoka ku migodi ya makolo athu mpaka m'sitima zankhondo

 Mwezi uno ndati tikambeko mbiri ya mwala wina umene ambirife tinaphunzira kapena kugonekedwa pansi pake, koma osadziwa kumene unachokera. Mukayang'ana madenga akale a sukulu, a zipatala ndi a nyumba za anthu a njanji, muona malata otuwa aja osasokosa mvula ikamagwa, amene timati lusalite. Dzinali ndi la kampani imene inali ndi fakitale yake ku Dondo, pafupi ndi Beira. M'malata akale amenewa muli simenti yosakaniza ndi ulusi wa mwala wotchedwa asibesitosi, Apwitikizi amati amianto. Mwala umenewu unadwalitsa anthu a mitundu iwiri amene sanaonanepo, okumba migodi a kwathu kuno ndi asilikali a m'sitima zankhondo za ku America. Matenda anali amodzi, koma pa nkhani ya chipukuta misozi panali kusiyana kwakukulu.

Mwala wosapsa

Asibesitosi ndi mwala wodabwitsa. Ukauswa umatuluka ulusi ngati thonje, ndipo ulusiwo supsa ndi moto, suola, suchita dzimbiri. N'chifukwa chake azungu anaukonda kwambiri. Ankakulungira mapaipi otentha, ankapangira mabuleki a galimoto, malata, mapaipi a madzi ndi zovala za ozimitsa moto. Ulipo wa mitundu itatu imene inkagulitsidwa kwambiri: woyera, wabuluu ndi wofiirira. Woyera ankakumba ku Shabani ndi Mashaba ku Rhodesia, ku Havelock ku Swaziland ndi ku Msauli ku South Africa. Wabuluu ankakumba ku Prieska, Koegas, Kuruman ndi Pomfret. Wofiirira, umene amati amosite, pafupifupi wonse wa pa dziko lapansi unkachokera ku South Africa, makamaka pa mgodi wa Penge.

Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ulusi uja ukaphwanyika umasanduka fumbi losaoneka ndi maso. Munthu akalipuma limakalowa m'mapapo n'kukhala momwemo mpaka kufa kwake, pakuti thupi silingathe kulisungunula. Ena mapapo amauma pang'onopang'ono, munthu n'kumabanika ngakhale poyenda kupita kudimba. Matenda amenewo amati asbestosis. Ena amadwala khansa ya m'mapapo, ndipo amene amasuta fodya ndiye ali pa ngozi yoposa. Ena amadwala khansa ya kachikopa kamene kamakuta mapapo, yotchedwa mesothelioma, imene ilibe mankhwala ochiritsiratu. Choopsa china n'chakuti matendawa amabisala zaka 20, 30 kapena 40 asanaonekere. Mnyamata amabwera kumudzi ali wojintcha, njinga ndi wailesi zili m'manja, chifuwa n'kudzamupeza ali ndi zidzukulu.

Njira ya ku Halale ndi ku Joni

Kodi makolo athu anakafika bwanji kumeneko? Dera lathu lino linali m'manja mwa Companhia do Niassa mpaka 1929, ndipo kampani imeneyi inkadya msonkho wa nyumba. Kampani itachoka linabwera boma la Apwitikizi lenileni ndi chibalo chake, ndipo kuyambira 1938 anthu ankakakamizidwa kulima thonje logula pa mtengo wa bwana. Mwamuna wofuna ndalama ya msonkho, nsalu ya mkazi wake ndi kuthawa palmatória ankangoona njira imodzi, ya kumadzulo. Ankadutsa pa Chiponde, Namwera, kutsikira ku Fort Johnston kumene lero ndi Mangochi, n'kukafika ku Blantyre. Wenela analetsedwa mu 1913 kulemba anthu a kumpoto kuno chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo ku migodi ya golide, koma zimenezo sizinatseke njira. Anthu a mbali ino ambiri ankalembetsa ngati a ku Nyasaland, kutchula mfumu ya tsidya lija, ena kusintha ndi dzina lomwe.

Kuchoka ku Blantyre ankadzera ku Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Mtoko mpaka Salisbury, kumene makolo ankati ku Halale. Oyamba ankayenda pansi milungu ingapo. Pambuyo pake kunabwera malole a Ulere onyamula anthu osalipira, ndi bungwe lolemba anthu ntchito limene ku Nyasaland ankalitcha Mthandizi. Migodi ya ku Rhodesia inkadalira kwambiri anthu ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Mgodi wa Shabani unayamba mu 1916, ndipo pamodzi ndi Gaths ndi King ya ku Mashaba inadzakhala m'manja mwa kampani ya ku England yotchedwa Turner & Newall. Mpaka lero m'matauni a migodi a ku Zimbabwe muli mabanja olankhula Chinyanja ndi Chiyao, muli mizikiti imene Ayao anamanga, ndipo gule wamkulu amavinidwa. Amenewo ndi ana a matchona athu.

Ntchito yake inali ya fumbi kuyambira pansi pa mgodi mpaka pa chigayo chophwanya miyala. Ku chigayoko ndi kumene kunali koipitsitsa, pakuti ulusi ankaupeta ndi mphepo uli wouma, anthu n'kumaulongedza m'matumba ndi manja. Ku migodi ya asibesitosi wabuluu amayi ndi ana ankakhala pansi ndi nyundo kumaswa miyala kuti ulusi utuluke, ana akhanda ali pambali pawo. Amayi ambiri otere sankalembedwa n'komwe m'buku la kampani, malipiro ankalandira mwamuna. Dokotala wina wa boma la South Africa, Gerrit Schepers, anafika ku Penge mu 1949 ndipo anapeza ana aang'ono ali m'kati mwa matumba akuluakulu akupondaponda ulusi kuti ulowe bwino, kapitawo ataima pambali ndi chikoti.

Eni migodi ankadziwa

Wina anganene kuti nthawi imeneyo palibe ankadziwa kuopsa kwake. Ayi ndithu, zinkadziwika. Mu 1924 ku Rochdale, ku England, kunamwalira mayi wina dzina lake Nellie Kershaw, amene ankapota ulusi wa asibesitosi pa fakitale ya Turner Brothers. Dokotala atang'amba mtembo anapeza mapapo ataonongeka ndi fumbi la mwalawu. Kampani inakana kulipira, ndipo mayiyo anaikidwa m'manda opanda chizindikiro. Mu 1931 boma la Britain linaika malamulo ochepetsa fumbi m'mafakitale a kwawoko. Taonani chaka chimenecho, 1931. Makampani a ku England omwewo ndi amene anali ndi migodi kuno ku Africa, koma malamulo aja sanawoloke nyanja.

Mu 1960 madokotala atatu a ku South Africa, Wagner, Sleggs ndi Marchand, analemba za anthu 33 odwala mesothelioma, ndipo pafupifupi onse anakhudzanapo ndi asibesitosi wabuluu. Ena mwa iwo sanagwirepo ntchito pa mgodi. Anangokulira pafupi ndi milu ya zinyalala za mgodi, kusewera pamenepo ali ana. Mu 1964 dokotala wa ku New York, Irving Selikoff, anaonetsa kuti anthu okulunga mapaipi ku America akufa ndi matenda omwewa. Ngakhale zinali choncho, migodi ya ku South Africa inakumba asibesitosi wochuluka koposa m'zaka za m'ma 1970. Penge anatsekedwa mu 1992.

M'mimba mwa sitima zankhondo

Tsopano tiyeni titsatire matumba aja a ku Penge. Sitima zankhondo si zachilendo kwenikweni kwa ife. Akuluakulu amakumbukira kuti m'zaka za m'ma 1960 Apwitikizi ananyamula mabwato ankhondo pa njanji, kudutsa Nova Freixo imene lero ndi Cuamba mpaka Catur, kenako pa magalimoto mpaka Meponda, kuti akalondere nyanja kuchokera ku Metangula. Koma amenewo anali ana chabe poyerekeza ndi sitima za Amereka. Mu 1954 iwo anatulutsa USS Nautilus, sitima yoyamba yoyenda pansi pa madzi ndi mphamvu ya nyukiliya. Mu 1961 anatulutsa USS Enterprise, sitima yonyamula ndege, yotalika mamita oposa 330, yokhala ndi ng'anjo za nyukiliya 8 ndi anthu zikwi zingapo m'kati mwake.

Kayendedwe kake n'kosavuta kumva. Ng'anjo ya nyukiliya imatenthetsa madzi, madziwo amapanga nthunzi, nthunzi imayenda m'mapaipi kukazunguza makina, makinawo n'kuzunguza chopalasira. Mapaipi amenewo amatentha koti munthu atakhudza khungu limatsala pomwepo, ndipo pa nyanja palibe chimene amalinyero amaopa kuposa moto. Ndiye mapaipi, mavavu ndi makina ankazikulunga ndi asibesitosi, ndipo asilikali a pamadzi a ku America ankagwiritsa ntchito kwambiri wofiirira uja wa ku South Africa chifukwa ngwopepuka ndiponso amapirira kutentha. Paipi ikadontha, mnyamata wa ku injini ankang'amba chokulungacho ndi mpeni m'kachipinda kopanda zenera, fumbi lili koboo, mpweya womwewo n'kumazungulira m'sitima yonse. M'sitima zina mapaipi okulungidwawo ankadutsa pamwamba penipeni pa mabedi. Asilikali a ku ng'anjo ankavala kachida koyeza poizoni wa nyukiliya tsiku ndi tsiku, koma fumbi loyera lili pa malaya awo ankangolikung'untha ndi manja.

Amereka anayamba kusiya kuika asibesitosi m'sitima zatsopano m'zaka za m'ma 1970, koma zakale zinayendabe nawo zaka zambiri. Matendawa sanaone nyota. Admiral Elmo Zumwalt, amene anali mkulu wa asilikali onse a pamadzi a ku America kuyambira 1970 mpaka 1974, anamwalira ndi mesothelioma mu January 2000.

Amene analipidwa

Ku America kuli unduna woona za asilikali akale, umene mwachidule amati VA. Msilikali wakale wodwala chifukwa cha asibesitosi amayenera kuonetsa zinthu zitatu: kuti akudwaladi, kuti ntchito imene ankagwira ku usilikali inkamukhudzitsa ndi fumbili, ndi kalata ya dokotala yonena kuti matendawo anachokera pamenepo. Akatero amamuyeza kulumala kwake kuyambira 0 mpaka 100 pa 100 alionse, ndipo amalandira ndalama mwezi ndi mwezi molingana ndi muyezowo. Wa mesothelioma amamuika pa 100. Akamwalira ndi matendawo, mkazi wake amatha kumalandira. Kumenekonso anthu amadandaula za kuchedwa ndi kukanidwa, koma chimene chimawathandiza n'chakuti boma linasunga mabuku. Dzina la sitima, zaka zimene munthu anakhalamo ndi ntchito yake, zonse zilipo.

Okumba mwala uja anadikira nthawi yaitali. Kampani ya Cape, imene inali ndi Penge, Koegas ndi chigayo cha ku Prieska, inagulitsa migodi yake n'kuchoka ku South Africa mu 1979, kusiya milu ya fumbi ndi anthu odwala. Odwalawo anakaisumira kwawo ku London, ndipo kampani inalimbana zaka zingapo kuti mlandu usazengedwe kumeneko. Mu July 2000 bwalo lalikulu la House of Lords linagamula kuti mlandu umveke ku England. Odandaula anafika 7,500. Mu December 2001 anagwirizana mapaundi 21 miliyoni, koma kampani sinapereke. Mu 2003 anagwirizananso mapaundi 7.5 miliyoni basi. Tawerengani nokha, ndi mapaundi 1,000 pa munthu mmodzi kuchokera ku kampani imeneyo, ndipo mazanamazana a odandaula anamwalira mlandu uli m'kati.

Chaka chomwecho cha 2003 kampani ya Gencor ndi zinzake zinavomera kupereka ndalama zoposa R400 miliyoni, ndipo panabadwa thumba lotchedwa Asbestos Relief Trust. Mu 2006 panabadwa lina, Kgalagadi Relief Trust. Matumba amenewa anaikidwira anthu a migodi yotchulidwa ndi zaka zotchulidwa, osati aliyense. Ku Zimbabwe, Turner & Newall inagulitsa Shabanie ndi Mashaba mu 1996, boma linatenga migodiyo mu 2004, ndipo patangopita zaka zochepa ntchito inaima, antchito ambiri n'kutsala osalandira malipiro awo. Palinso nkhani ya Pomfret. Mu 1989 boma la azungu la South Africa linatenga asilikali a ku Angola a gulu la 32 Battalion, olankhula Chipwitikizi ngati ife, n'kukawakhazika ndi mabanja awo pa mgodi wakale wa asibesitosi wabuluu. Gululo linathetsedwa mu 1993, iwo n'kutsala pomwepo.

Chifukwa chiyani a kwathu anatsalira

Lamulo la South Africa la 1973 la matenda a m'migodi silisankha dziko limene munthu anachokera. Limati amene anagwirapo ntchito pa mgodi ali ndi ufulu woyezedwa m'chifuwa mwaulere zaka ziwiri zilizonse, ndipo zotsatira zimapita ku ofesi ya MBOD ku Johannesburg. Limatinso munthu akamwalira, banja likavomera, mapapo ndi mtima wake zingathe kutumizidwa ku Johannesburg kukayezedwa kuti amasiye alipidwe. Nanga gogo womwalira ku Itepela n'kuikidwa tsiku lomwelo kapena mawa lake, monga mwa mwambo wathu, mapapo ake angafike bwanji ku Joni? Lamulo ndi labwino pa pepala, koma linalembedwa ngati kuti aliyense amakhala pafupi ndi mgodi.

Chachiwiri ndi maina. Munthu amene pa chitupa cha mgodi analembedwa dzina lina, mfumu ina ndi dziko lina, ana ake angatsimikize bwanji kuti ndi bambo wawo? Chachitatu ndi nkhondo. M'zaka 16 za nkhondo imene inatha mu 1992, anthu a Mandimba ndi Ngauma anathawira ku Malawi ndi mwana kumsana ndi kamtolo pamutu. Mapasi, makadi a mgodi ndi zithunzi zinapsa m'nyumba kapena kudyedwa ndi chiswe. Chachinayi ndi chakuti matendawa amafanana ndi TB. Munthu amatsokomola, amaonda, amabanika, ndiye amamwa mankhwala a TB miyezi 6 osasintha. Kumudzi tikatero timayamba kulozana zala, kuti anamulodza chifukwa anabwera ndi chuma. Mabanja ena anadana chifukwa cha fumbi limene munthu anapuma zaka 30 zapitazo.

Anzathu amene anamenya nkhondo za dziko lino akuidziwa bwino nkhani ya mapepala. Lamulo nambala 16/2011, Estatuto do Combatente, linaika penshoni ndi thandizo kwa omenyera ufulu, kwa oteteza dziko ndi demokalase, ndi kwa olumala pa nkhondo. Koma amene analibe kadi kapena mboni anayenda maulendo ambiri ku boma asanalandire. Ndiponso chilema chooneka, monga mwendo woduka ndi bomba lokwirira, chimavomerezeka msanga kuposa chilema cha m'chifuwa chimene chimafuna makina ojambulira kuti chioneke.

Pano pali chinthu china chimene tisasokoneze. Mu 2019 bwalo la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni umene unabala Tshiamiso Trust. Thumba limeneli ndi la anthu amene anagwira ntchito pa migodi ina ya golide ya makampani 6 pakati pa 12 March 1965 ndi 10 December 2019, n'kudwala silicosis kapena TB ya ku mgodi. Si la asibesitosi. Koma ngati bambo kapena agogo anu anapita pa Wenela kapena TEBA m'zaka zimenezo, nkhaniyi ikukukhudzani. Kulembetsa kwake n'kwaulere. Munthu akabwera pamudzi ndi chikwama n'kumati perekani ndalama kuti dzina lilowe m'kaundula, ameneyo ndi wakuba.

Zotsala m'manja mwathu

South Africa inaletsa asibesitosi mu 2008. Dziko lathu la Mozambique linaletsa mu 2010. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, limati anthu oposa 200,000 amafa chaka chilichonse chifukwa chopuma fumbili pa ntchito. Kuletsa kunatseka khomo kwa watsopano, koma wakale uja akadali pamitu pathu. Mphepo ya Idai itaomba Beira mu 2019, madenga ambiri a lusalite anasweka, zidutswa zili mbwee m'misewu, anthu n'kumatola ndi manja kukakonzera nyumba.

Lata la lusalite likakhala lathunthu, losasweka, ngozi yake ndi yochepa. Limaopsa tikamalicheka ndi sowo, kuliboola, kulipala kapena kuliswa. Ndiye abale anga, zidutswa zake tisamaotcherepo chimanga kapena nsomba, tisamayanikepo ufa, tisamazisandutse mafuwa, tisamakwirire nazo maenje a mumsewu pamene njinga ndi ngolo zizizipera. Ana asamalembere nazo pansi ngati choko. Denga lakale la sukulu likagwa, makolo a komiti tisatume ana kukasesa. Tithire madzi kaye kuti fumbi lisauluke, titseke pakamwa ndi mphuno, ndipo tidziwitse a boma oona za zomangamanga ndi a zaumoyo kuti atiuze kokataya. Zovala zogwirira ntchito imeneyo tisakakung'unthire pakhomo pamene pali ana.

Kwa makalabu athu ndikupempha ntchito imodzi. Akuluakulu amene anapita ku Shabani, ku Mashaba, ku Penge kapena ku migodi ya golide atsala owerengeka, ndipo amayi amasiye amene akudziwa nkhani zawo nawonso akutha. Kalabu iliyonse itenge kope limodzi. Tilembe dzina la munthu la kumudzi, dzina limene analembetsa ku mgodi, dzina la mgodi, zaka zimene anakhalako, ntchito imene ankagwira, ndi nambala yake ngati akuikumbukira, pakuti ambiri nambala ya ku mgodi saiiwala ngakhale atakalamba. Kapepala kalikonse kotsala, ngakhale kong'ambika, tikasunge m'pulasitiki, ndipo amene ali ndi foni akajambule. Wodwala chifuwa chosamva mankhwala akapita ku chipatala cha Mandimba kapena cha Cuamba, auze adokotala kuti anagwirapo ntchito ku mgodi wakuti, zaka zakuti, pakuti dokotala sangalote. Safunsa anadya phula.

Makope amenewa tikawasonkhanitsa tidzapemphe a wailesi atiitanire a ofesi ya zantchito ndi a bungwe la anthu a ku migodi la AMIMO, adzayankhe mafunso athu pa mphepo, m'Chinyanja, m'Chiyao ndi m'Chimakhuwa. Si onse adzalandire kanthu, zimenezo tisanamizane. Koma amene ali ndi ufulu asautaye chifukwa chosowa womulembera, ndipo zidzukulu zidziwe kumene agogo awo anakasiya mpweya wawo. Kalabu imene yayamba kale kulemba itumize uthenga ku pologalamu yathu kuti ena atengerepo chitsanzo.